Khitchini ija sinali yanga

Parow, Cape Town
9 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Nuhu,

Asalaam aleikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inuyo, alamu ndi ana. Nanga amayi ali bwanji ndi mawondo aja? Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa kale ku Namwerako, ndiye muwaletse kumangonyamula khasu m'mamawa ngati mtsikana. Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah, kungoti mphepo ya kuno yayamba misala yake ya chaka ndi chaka, moti chovala chimodzi pachingwe tikuchipana ndi zopanira zitatu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene tonse tili ndi mafoni. Chifukwa chake mukuchidziwa. Lachisanu ndinakuimbirani kanayi, kachinayiko munayankha, munalankhula nokha mpaka kukhuta, n'kudula. Mawu amene ndikukutumizirani pa Watsapu simukuwatsegula. Pepala simungalidule pakamwa, ndiye ndalipereka kwa a Ramazani amene akukwera basi Lolemba, ndipo ndawapempha kuti alipereke m'manja mwanu, osati kwa ana.

Uthenga wanu ndinaumva bwino lomwe. Mwati ndichotse vidiyo ija yoonetsa chipinda changa mwezi uno usanathe, ndisiyenso pulogalamu yanga, chifukwa ndakuyalutsani. Mwatinso mng'ono wanga Fatma akwera ndi a Abubakar a transipoti aja kumapeto kwa mwezi kubwera kuno, ndiye ndikonzeretu pogona. Yankho langa ndi ili: vidiyo sindichotsa, pulogalamu sindisiya, ndipo Fatma asasiye Folomu 4 kuti abwere kuno. Ndaneneratu kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu. Koma ndinu mwini mbumba, muyenera kumva nkhani yonse kuchokera kwa ine, osati zidutswa zimene akukuuzani pa bawo.

Mukukumbukira kuti chaka chatha ndinkagwira ntchito m'nyumba ya madamu ena ku Claremont, masiku asanu pa sabata. Nyumba ija ili ndi khitchini yoti mutha kuphikiramo za ukwati wonse anthu osagundana. Madamu ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Tsiku lina nditamaliza kusita ndinakanda mandasi, ndinatsamiritsa foni pa botolo la shuga, n'kujambula. Ndinaika pa Fesibuku kuti anzanga a kuno aone kuti ufa wa kuno umatha kutulutsa mandasi abwino ukaudziwa. Nthawi imeneyo onditsatira anali 200 okha, theka lake achibale. Pofika Lachisanu vidiyo ija inali itaonedwa ndi anthu 6,000.

Ine ndinkati akonda mandasi. Nditawerenga zimene ankalemba m'munsimo ndinapeza kuti za mandasi wanenapo munthu mmodzi yekha. Ena onse ankaona makabati, firiji ya zitseko ziwiri, mpopi wonyezimira. Wina analemba kuti Faridah wafika, wina anati mwana wa ku Namwera watichotsa manyazi. Ndinawerenga zonsezo, ndinamwetulira, ndipo aliyense ndinamuyankha kuti ameen.

Sindinanenepo ndi pakamwa panga kuti nyumbayo ndi yanga, ndipo miyezi yambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Koma tamvani zimene ndinkachita. Ndisanajambule ndinkavula yunifolomu, n'kuvala diresi ndi mpango wabwino zimene ndinkabisa m'chikwama. Pa chitseko cha firiji panali zithunzi za ana a madamu, khumi ndi chimodzi, zomata ndi maginito. Ndinkazichotsa zonse n'kuziika m'dilowa, ndikamaliza n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Ndinafika poloweza kuti cha mwana wa chipewa chofiira chimakhala pamwamba kumanzere. Munthu amene sakunama sachita zimenezo, achimwene.

Ntchito yakeyo ndinaiphunziranso. Ndinazindikira kuti vidiyo ikatalika anthu amaithawa, komanso kuti nthawi yabwino yoitulutsa ndi m'mamawa pamene anzathu ali m'mateksi, minibasi za kuno, kupita ku ntchito, maso onse ali pa foni. Ndinaphika futali, chigumu, zitumbuwa, mpunga wa pa Idi. Onditsatira anafika 9,000, kenako 14,000. Inu nomwe munanditumizira mawu achimwemwe, munati kumsika akukupatsani moni anthu amene kale ankakudutsani ngati mtengo. Simunandifunse kuti wantchito wa m'nyumba wapeza bwanji nyumba yotere. Munakhalako ku Joni zaka zinayi, munkadziwa.

Ndiye mwezi wa Malichi kunabwera Lines. Simukumudziwa, ndi mtsikana wa ku Ntaja wa zaka 19. Ankandilembera kawirikawiri kuyamikira mavidiyo, ine n'kumayankha kuti zikomo mng'ono wanga. Anapempha nambala, ndinamupatsa osaganiza kanthu. Loweruka lina masana foni inalira, nambala yachilendo. Anali iyeyo pa foni yobwereka, akuti ali pa siteshoni ya basi ku Bellville, wafika, ndikamutenge. Anali atasiya mwana wa chaka chimodzi kwa amayi ake, atagulitsanso mashini osokera amene bambo ake anamusiyira. Kuno analibe wachibale ngakhale mmodzi. Iye ankati ali ndi ine, ndipo nyumba yanga ndi yaikulu, sindingasowe pomugoneka.

Ndinapita kukamutenga, ndikanatani? Tinakwera teksi mpaka ku Parow kuno, tinalowa pa geti la eni nyumba, tinadutsa m'mbali mwa galaja mpaka kuseri, kumene kuli kachipinda kamene ndimachita lendi ndi Maness, mnzanga wa ku Ntcheu. Bedi langa ndi la Maness timasiyanitsa ndi katani. Lines anaika chikwama pansi, anayang'ana uku ndi uku, kenako anapita kukatsegula chitseko cha wadilopu poganiza kuti ndi cholowera m'nyumba yeniyeniyo. Atapeza zovala anatseka pang'onopang'ono. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Asisi, khitchini ija ili kuti?" Ndinamulozera sitovu yathu ya mbale ziwiri pamwamba pa kireti. Sanalire, sananditukwane. Anangokhala pa bedi osavula nsapato mpaka dzuwa kulowa.

Maness ndiye anamupezera ntchito yolera ana ku Khayelitsha, kwa mayi wina wogulitsa nyama yootcha pa renki ya mateksi. Lines chiyankhulo cha kumeneko sadziwa, mapepala alibe, amagona pansi pafupi ndi anawo, ndipo amamulola kutuluka Lamlungu lokha.

Lamlungu lachitatu anabwera atatchena, n'kundipempha kuti ndimuperekeze ku Claremont. Ndinkati akufuna kukafunsira ntchito yabwinoko. Tinayenda m'misewu ya mitengo ija, iye akusankha mageti ngati akusankha chitenje. Titafika pa geti lina loyera la maluwa ofiira anandipatsa foni, anaika dzanja pa geti ngati akutsegula, n'kumwetulira. Anati amayi ake akumufunsa tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi mng'ono wake amene akufuna aone kuti zikuyenda. Ndinamujambula, achimwene. Ndinamuuzanso kuti akweze chibwano pang'ono chifukwa cha dzuwa. Tili m'teksi pobwerera m'pamene zinandilowa, kuti mng'ono wa Lines aona geti lija monga mmene Lines anaonera khitchini, ndipo amene wagwira foni kawiri konseko ndine. Ndinadzida tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse chifikireni kuno.

Lolemba ndinawauza madamu zonse. Anakwiya, ndipo sindingawanene, chifukwa nyumba yawo ndinaionetsa kwa anthu masauzande popanda kuwapempha. Anati sangandikhulupirirenso ndi makiyi. Mwezi utatha ntchito inatha. Panopa ndimagwira masiku, awiri kwa anthu ena ku Claremont komweko, awiri kuno ku Parow, limodzi kulikonse kumene andiitana. Ndakuuzani izi kuti mudziwe kuti vidiyo mukuti ndichotseyo sindinaitole pamsewu.

Ndinaijambula Lamlungu masana, nditavala yunifolomu yanga yakale. Ndinaonetsa bedi, katani, sitovu, ndowa imene timatungira madzi pa mpopi wa panja. Ndinaonetsa manja anga mmene mankhwala otsukira anawadyera. Ndinanena kuti dzina langa ndi Faridah, ndimakolopa ndi kutsuka zimbudzi za anthu, ndipo khitchini ija sinali yanga. Yonseyo ndi ya mphindi zinayi, ndipo mwa mavidiyo onse amene ndinajambulapo ndi yokhayo imene sindinaibwereze kawiri.

Zimene zinanditsatira musaganize kuti munaziyamba ndinu. Sabata imodzi yokha anthu 3,000 anandichokera. Ena asananyamuke anayamba anditukwana kaye. Ankati ndine wansanje, ine ndafika ndiye ndikutsekera anzanga njira. Ankati ndikuvula Amalawi onse a ku Kepu pagulu. Ku shopu ya zakwathu ku Bellville, kumene timagula usipa ndi nandolo, mayi wina amene timapemphera limodzi anandiuza pamaso kuti aliyense amadziwa kuti zithunzi ndi zithunzi, nanga ine ndi ndani kuti ndizichita ngati shehe. Ndinamuyankha kuti Lines sankadziwa. Anandifunsa kuti Lines ndi ndani, n'kundifulatira.

Sindikubisirani, masiku amenewo ndinatsala pang'ono kuichotsa. Chala chinafika pamenepo kangapo. Maness ndiye anandilanda foni n'kuiika pansi pa pilo wake, akuti ndikamuuza kuti ndinanama m'vidiyomo andibwezera, koma ngati ndi mantha chabe ndipite ndikachape.

Kenako kunayamba kubwera mauthenga ena, osati pagulu paja koma kumbali. Ambiri anali mawu ojambula, azimayi akulankhula motsitsa ngati pali wina akumvetsera. Wina anati zaka zisanu ndi chimodzi akutumiza zithunzi za pa sofa ya abwana ake, ndipo akuopa kubwerera kwawo chifukwa akamufunsa za sofayo. Wina anati ana ake amamutukwana kuti ndi woumira, amakhala m'nyumba yosanja koma iwo akuvutika, pamene iye amagona m'kachisakasa ka malata. Bambo wina, mlonda wa pa geti, anati anabwereka jekete ya suti kwa mnzake wa ku Kongo, ndipo kwawo mpaka lero amamutcha manijala. Ena ankalira, ena ankaseka okha mpaka kutsokomola.

M'pamene ndinayamba pulogalamu mukuti ndisiyeyo. Amati podikasiti, koma ndi ngati pulogalamu ya pa wailesi, kungoti imamveka pa foni nthawi imene munthu wafuna. Ndinaitcha Kuseri kwa Chithunzi. Lamlungu lililonse masana munthu mmodzi amabwera kuno, timakhala pa bedi langa, amafotokoza za chithunzi chimodzi chimene anatumiza kwawo, ndi zimene zinali pambali pake zosaoneka. Dzina lake sititchula, mudzi wake sititchula. Mukanaona situdiyo yathu mukanaseka ngakhale muli okwiya. Pa zenera timapachika mabulangeti awiri kuti tisamve mahutala a mateksi, chitseko timatsekera ndi thawulo chifukwa cha mphepo, ndipo kamaiki kathu timakamangirira pa mpini wa mopu. Galu wa eni nyumba akayamba kuuwa timadikira, chifukwa iyeyo samva za podikasiti.

Woyamba kulankhula anali Lines. Anapempha yekha. Anafotokoza za mashini osokera, za mwana wake, za wadilopu, za geti loyera. Atamaliza anatumiza yekha kwa amayi ake. Mng'ono wake uja akadali pa sukulu ku Ntaja.

Panopa onditsatira ndi 31,000. Sindikunena modzitama, ngakhale pang'ono pokha ndikudzitama ndithu. Pulogalamu iliyonse ndimaidula tizidutswa tating'ono kuti wa bandulo yochepa athe kumva pa Watsapu. Ndamva kuti amene amaika nyimbo m'mamemori khadi pa Namwera, pa Ntaja ndi pa Liwonde akumaikamonso mapulogalamu anga anthu akapempha, ndipo ndi mmene zinafikira m'malo ometera kwanuko mpaka inu kuzimva. Ine sindinawatume, koma sindiwaletsa. Aja a khitchini anali ondionera. Awa ndi anthu amene amandilembera kuti ndisachedwe Lamlungu, ndipo sabata imene ndinadwala chimfine anandifunsa anthu ambiri kuposa achibale.

Tsopano za a Abubakar, amene mwati abweretse Fatma. Mwina simukudziwa kuti anabwera kuno mwezi wa Ogasiti atanyamula zakumwa ndi mabisiketi. Anayamikira pulogalamu, anati ndili ndi mawu a pa wailesi. Kenako anapempha kuti kumayambiriro kwa pulogalamu iliyonse ndizinena kuti wofuna kubwera kuno akwere ndi iwo, amafikitsa bwino ngakhale wopanda pasipoti, ndipo iwo azindiona mwezi ndi mwezi. Anawonjeza kuti kungoti ndichepetseko nkhani zomvetsa chisonizi, zikuwathawitsira anthu. Ndinawafunsa kuti atsikana akawatsitsa ku Bellville amawasiya m'manja mwa ndani. Anati, "Eish, sisi, ife ntchito yathu ndi transipoti basi." Ndinawabwezera mabisiketi awo. Ndiye akamakuuzani kuti Faridah wapenga, dziwani kuti pali chimene chikuwapweteka.

Musandimve molakwa. Sindiuza munthu kuti asabwere kuno. Ndikudya za kuno, ndipo ambiri amanga nyumba ndi kuphunzitsa ana ndi ntchito zomwezi. Ntchito yanga sindichita nayo manyazi. Malata a nyumba ya amayi anachokera ku mopu womwewu, ndipo mvula ikagwa sadontha chifukwa choti mwana wawo amatsuka zimbudzi. Chimene ndikukana n'choti munthu asiye sukulu, asiye mwana, agulitse chimene ali nacho chifukwa cha firiji ya munthu wina. Abwere akudziwa kumene adzagona.

Za amayi zandipweteka, sindinama. Mwati chiyambireni anthu kumva za vidiyo ija amayi sakupitanso kumene azimayi amasonkhana Lachinayi ku madrasa, chifukwa ankauza anzawo kuti mwana wawo ali ndi nyumba yosanja. Nditamva zimenezo ndinalira. Koma amene anawanamiza amayi ndine, ndipo tsiku limene ndinawachititsa manyazi ndi lija ndinachotsa zithunzi pa firiji, osati lija ndinanena zoona. Ndinawaimbira sabata yatha kuwapepesa. Anangondifunsa ngati m'chipindamo mumazizira, ndiponso ngati ndili ndi bulangeti lokwanira. Za kuchotsa vidiyo sananene. Amene akunena zimenezo ndinu.

Ndipo ndikudziwa chifukwa chake, achimwene. Pepani, apa ndilankhula zimene sindinalankhulepo.

Pa khoma la pabalaza kwa amayi pali chithunzi chanu cha m'felemu. Mwavala magalasi akuda, dzanja lili pa denga la galimoto yoyera, makiyi akulendewera pa chala. Chinafika ndili Folomu 2. Ndinkachipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndikamasesa, ndipo ndinkachiyang'ana kuposa mmene ndinkayang'anira mabuku. Aphunzitsi akamanena za mayeso ine mumtima ndinkati achimwene anga analekeza Sitandade 8, koma taonani. Chaka chotsatira ndinasiya sukulu. Amayi analira, inu munali kutali, ndipo palibe anandifunsa chifukwa chake chenicheni.

Pobwera kuno ndinagona masiku awiri ku Joni kwa a Masoud, aja munkakhala nawo chipinda chimodzi. Iwo ndi amene anakujambulani. Anandifotokozera akuseka, poganiza kuti ndikudziwa kale. Anati munkatsuka magalimoto, ndipo yoyerayo inali ya kasitomala amene anaisiya n'kupita kumzikiti kukaswali Juma. Anati ndowa ndi nsanza munazikankhira pambali ndi phazi kuti zisaoneke, ndipo magalasi anali awo. Ine ndinaseka nawo. Kenako ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukhala pansi ndekha.

Papita zaka zisanu ndi zinayi ndikusunga zimenezi. Sindinauze amayi, sindinauze alamu, ndipo pa pulogalamu sindinazinene ndiponso sindidzazinena. Musawerenge izi ngati ndikukuopsezani. Nkhaniyi ndi yanu, ndipo pa pulogalamu yanga munthu amanena yake yokha. Sindikukudani nazonso ayi. Munali ndi zaka 22, muli nokha, mukufuna amayi agone tulo. Inenso ndinachita zomwezo, ndipo yanga inaposa yanu chifukwa inu munajambula kamodzi, ine chaka chathunthu.

Koma chithunzicho chikadali pa khoma, ndipo amene amachipukuta fumbi masiku ano ndi Fatma.

Ndalankhula naye kawiri. Vidiyo yanga anaiona, mapulogalamu anamva. Mukudziwa zimene anandiyankha? Anati ine zinangondivuta chifukwa ndilibe mwayi, koma achimwene anapita n'kugula galimoto pasanathe zaka ziwiri, ndiye iye atsata mwayi wa achimwene. Anthu 31,000 amandimvera, koma mng'ono wanga yekha sakundikhulupirira, chifukwa mawu anga akulimbana ndi chithunzi chanu. Mwana uyu ndi wanzeru kuposa tonse awiri, masamu amakhoza popanda womuthandiza, ndipo mayeso ake atsala miyezi isanu ndi iwiri yokha.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Sindikupempha kuti muzindiyamikira, kapena kuti muziyankha a pa bawo. Asiyeni aseke, atopa. A Abubakar asanafike, mukhazikeni Fatma pansi pabalaza paja, inu ndi iye awiri, mumuuze kuti galimoto ija inali ya ndani. Mumuuzenso za ndowa. Akamva kwa inu akhulupirira. Akalemba mayeso n'kufunabe kubwera, ali ndi pasipoti yake ndi satifiketi yake, ndidzapita ndekha ku Bellville kukamulandira ndi manja awiri, ndipo Maness wati katani tidzaisuntha. Mukamutumiza mwezi uno sindidzamusiya pa siteshoni, ndi mwana wa amayi anga. Koma tsiku limene adzaime m'chipinda muno n'kuyamba kufunafuna chitseko china, ndidzamuuza kuti akuimbireni inu, ndipo foni imeneyo musadzaidule.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka m'mawondo ali m'jumbo imene a Ramazani anyamula, azipaka m'mawa ndi madzulo. Moni kwa alamu, ndipo nsalu yobiriwirayo ndi yawo. Moni kwa amalume ndi azakhali a ku Chiponde, kwa ana anu onse atatu, ndi kwa anzanga a pachitsime, kuphatikizapo amene akundiseka. Maness ndi Lines akupereka moni ngakhale simukuwadziwa.

Moni wa Fatma sindinaulembe, ndipo ndachita dala. Mukamupatse ndinu, tsiku limene mukhale naye pansi.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Faridah